Bizwell ndi Apongozi Ake pa Tchesi

"Ndiye ndikuti watigulitsa ameneyu," Fackson, mkulu wa timu yathu, anandinong'oneza. "Hatchi ili poyera, iye akuyang'ana nsapato zake."

Ankanena Bizwell, wokonza njinga pamsika wa Fort Jameson. Tchesi anaiphunzira ali msilikali ku Burma, ndipo m'tauni muno panalibe womugonjetsa. Tsikulo aphunzitsi a ku Nyasaland anabwera kudzera pa Mwami kudzapikisana nafe ku holo, ndipo maere anamugwetsera pa a Yosefe, apongozi ake enieni. Mkazi wake Dailes anali atathawira kwa makolo akewo chikololere chimanga, atayambana, ndipo Bizwell anali atatumako ankhoswe osaphula kanthu.

Ine ndinali nditangobwera kuchokera ku Salisbury, komwe ndinazolowera kuti pa bolodi palibe chibale. Ndiye zinkandinyansa. Bizwell anakhala chammbali, chipewa chili pabondo. Akafuna kusuntha, ankagwira chigongono ndi dzanja linalo ngati akupereka madzi.

"Pepani bambo, ndadya," anatero potenga hatchi ija pamapeto pake.

"Idyani, ndinu odziwa kudya inu," anayankha a Yosefe. "Kusunga ndiye kumakukanikani."

Aphunzitsi anzawo anaseka. Kenako a Yosefe anasiyanso mfumukazi yawo pangozi, n'kupinda manja. Kunali kuphonya kapena kumuyesa mkamwini? Bizwell anaiyang'ana nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Sanaidye. Anakankha kamsilikali ka kumbali.

"Waona?" anatero Fackson. "Mfumukazi yoti tikanadya yapita pa chikwati."

Masewerawo anathera pakuti palibe wopambana, ndipo timu yathu inaluza chikho. A ku Nyasaland nawo ankang'ung'udza kuti a Yosefe amulekerera mkamwini. Masiku otsatira ndinayala bolodi kunyumba kangapo, komabe sindinathe kudziwa amene ananyenga mnzake.

Tsiku la mpikisanolo, pokwera lole yobwerera kwawo, a Yosefe analankhula kwa Bizwell akuyang'ana tayala: "Loweruka mubwere mudzamutenge mnzanuyo. Pakaliyala muikepo chitenje, msewu ndi wamabampu."

Ndinamutsatira Bizwell mpaka kusitolo kwa mmwenye.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Mfumukazi ija simunaione?"

"Inu a ku Salisbury mumaona zambiri," anatero.

Anagula kapu yamalata ya maluwa ofiira, naikulunga m'chipewa, n'kukankha njinga kulowera kwawo.