Kadontho ka Pensulo Pamapu

Dzulo mdzukulu wanga amakulitsa mapu pafoni ndi zala ziwiri, mpaka kachilumba kena kanaonetsa misewu yake. Ine mtima unathawira kudera lina la mumzinda lotchedwa South C, m'nyumba ya lendi momwe ndinakulira.

Bambo anatumizidwa ndi bungwe lawo kukachilumba kolamulidwa ndi Angelezi, pakati penipeni pa nyanja yamchere. Ankati anthu akumeneko amadalira nsomba ndi kugulitsa masitampa, ndipo sitima imafikako mwa apo ndi apo. Pamapu a pakhoma pathu kachilumbako panalibe, choncho mayi anaikapo kadontho ka pensulo. Ndinkadabwa kuti munthu wamtali ngati bambo amagona bwanji pamenepo osaviika miyendo m'madzi.

M'mawa uliwonse ndinkakwera pampando n'kukhudza kadonthoko ndi chala chonona mafuta a mandazi.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

Tsiku lina ndinapeza pali buluu yekhayekha. Ndinayang'ana chala changa, nsonga yake itada. Ndinalira mpaka aneba anasuzumira pawindo.

"Amayi, ndawamiza ababa!"

Mayi anasiya kusita. Sanaseke. Anatenga pensulo, kuinyowetsa ndi lilime, n'kudinda kadontho kena konenepa kuposa koyamba.

"Awo ayandama. Kavale nsapato, minibasi itisiya."

Mtima unakhala pansi, ndipo tsiku limenelo ndinadya mandazi awiri. Bambo anadzabwera ndithu, jekete lawo likununkha nsomba zouma.

Lero ndi pomwe ndikuzindikira kuti miyezi yonse ija sitima isakubweretsa uthenga, mayi nawonso analibe china chogwira koma kadontho komweko.