Huva Yakale ndi Nyumba Yosasesa ku Peckham

Lachitatu lapitali ndinakwera basi kuchokera ku Lewisham kupita ku Peckham, kuno ku London, nditakumbatira huva, makina aja oyamwa fumbi m'nyumba. Osati zamakonozi, zopepuka ngati chidole. Yanga ndi zija zoimirira, yachitsulo, ili ndi kanyali kutsogolo ndi thumba lansalu lolendewera kumsana. Mayi wina m'basimo anandiyang'ana, n'kuyang'ana huvayo, kenako anandisunthira malo ngati ndanyamula wodwala.

Ndinaigula zaka zitatu zapitazo ku Woolwich, m'kashopu ka nkhalamba ina yachizungu yokonza zamagetsi. Anandiuza kuti huvayo inayamba kugwira ntchito ine ndisanabadwe. Anaitembenuza chagada, n'kundionetsa kasinthidwe ka lamba wa labala amene amazunguza burashi, ndi kadulidwe ka tsitsi lokulungana pa burashiyo. "Ukamva fungo la labala wopserera, zimitsa," anatero. "Usaikakamize. Imanena yokha ikavutika."

Anzanga amaiseka. Akuti ndinatsegula chigayo mu fulati. Ine sindiyankha. Ndinaleredwa ndi agogo amene tsache likamasuka ankalimanganso ndi mphira ya chubu cha njinga, mpaka litatsala chiputu.

Koma n'chifukwa chiyani munthu anganyamule chigayo kupita nacho ku Peckham, komwe nyumba iliyonse ili ndi huva yake?

Kumeneko kumakhala aNachisale, nesi wamkulu amene timapemphera nawo. Amuna awo anamwalira miyezi iwiri yapitayo, atakhala pa mpando wawo pabalaza. Thupi tinaliperekeza ku bwalo la ndege, aNachisale anapita nalo ku Ntcheu, maliro anaikidwa, iwo n'kubwerera ku ntchito. Tonse tinati alimba mtima.

Lamlungu ndinaimbiridwa foni ndi mwana wawo Tamanda, wobadwira konkuno, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Ankalira. Anati amayi ake sakhalanso pabalaza, amadyera m'khitchini chiimirire. Anati iye anagula huva yatsopano kuti awathandize, koma atangoiyatsa amayiwo anazula pulagi n'kumukalipira ngati waba. Anati ngati zipitirira, awatengera kwa dokotala wa maganizo, kapena iyeyo asamuka.

Ndinapita kukawaona tsiku lomwelo. Ine pa anthu sindilankhula kwambiri, ndimangoyang'ana. Khitchini inali mbee. Ku bafa mungadyereko. Koma kapeti ya pabalaza inali ndi fumbi la miyezi iwiri, nyenyeswa za mabisiketi a anthu obwera kudzapepesa, ndi mizere ya mipando imene tinakhalapo poimba nyimbo za maliro. Mayi waukhondo chonchi sangaiwale chipinda chimodzi.

Achinyamata mwina simukudziwa. Kwathu maliro akaikidwa, m'mawa mwake amasesa. Amasesa nyumba imene munagona malemu, kuyambira mkati mpaka kunja, ndipo kusesako n'kumene kumauza otsala kuti tsopano mukhoza kukhalamonso. Koma tsache saligwira wofedwa. Mkazi wamasiye sasesa, mwana wa malemu sasesa. Amasesa ndi ena.

Ku Ntcheu anasesa ndithu. Anasesa nyumba ya makolo imene malemuwo sanagonemo zaka zambirimbiri. Nyumba imene anapumiramo komaliza ili ku Peckham, pansanjika yachitatu, ndipo ife tonse tinatulukamo n'kuthamangira mashifiti.

Nanga nesi wamkulu, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, akanauza ndani kuti akudikira munthu wodzamusesera? Akanayamba bwanji kufotokozera mwana amene anangofuna kuthandiza? Ndipo huva ya Tamanda ndi zija zopanda thumba, zoonekera mkati. Mumaona fumbi likuzungulira m'menemo. Taganizani kuonerera tsitsi la imvi la amuna anu likuvina m'botolo.

Ndiye Lachitatu ndinagogoda ndi chigayo changa.

"Iwe mwanawe, wabweretsa chiyani, thirakitala?" anatero aNachisale.

"Ndabwera kudzasesa, amayi."

Sanafunse kuti wandituma ndani. Anangopita kuchipinda, n'kutulukako atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, n'kukhala pa kampando pafupi ndi chitseko. Tamanda anafuna kundithandiza kusuntha tebulo. "Iwe khala apa," anatero amayi ake. "Lero si tsiku lako."

Ndinayambira pakona ya kutali, cha pawindo, kulowera kukhomo. Pozungulira mpando wa malemu ndinapita pang'onopang'ono. Nditafika pakati, fungo lija linabwera. Ndinazimitsa. Lamba anali ataduka.

Tamanda, m'Chingerezi chake, anati, "Yafa." Kenako anadzigwira pakamwa.

Ndiye aNachisale anayamba kuseka, kuseka kogwedeza mapewa. "Bambo ako akanakhalapo akanati tiyeni tiikankhe, ilira ikafika pamtsetse!" Tamanda nayenso anaseka, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinagwada, n'kuitembenuza chagada, n'kumasula chivundikiro. Lamba wina ndimayenda naye m'chikwama. Pa burashi panali patakulungana ulusi wobiriwira wa juzi imene bambowo ankakonda kuvala. Ndinaudula ndi sizasi mwakachetechete, n'kuuponya m'thumba la huva iwo asanaone.

Ndinaikamo lamba watsopano n'kupitiriza kusesa. Nditafika pakhomo pamene anakhala aNachisale, ndinati, "Kwezani miyendo, amayi." Mawuwo atangotuluka ndinawazindikira. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, m'mawa wotsatira maliro a amayi anga, ndinakhala pakhonde amayi am'mudzi akusesa. Agogo sanandinyamule, sanandiuze kuti amayi apita kumwamba. Anangokhala pambali panga n'kunena kuti, "Kweza miyendo." Tinakweza tonse awiri, tsache n'kudutsa pansi pathu.

ANachisale anakweza. Tamanda anaona amayi ake, nayenso anakweza.

Pomaliza ndinatsegula thumba lansalu, n'kutulutsa lapepala lamkati mmene munalowa fumbi lonse. Ndinalipinda pakamwa.

"Osaliponya m'mabini a pansipa," anatero aNachisale.

"Ayi, amayi."

"Ndipo usandiuze kumene ukalisiye."

Sindinawauze. Inunso sindikuuzani.

Ndisanatuluke, anatsika pa kampando kaja n'kukhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula ngati ali pamphasa. Anasisita kapetiyo ndi chikhatho. Kenako anati, "Tama, tiyi tikumwera kuno." Mtsikanayo anathamangira kukhitchini ngati amuuza kuti wakhoza mayeso.

Amalawi a ku London maliro timawadziwa. Uthenga ukafika, mafoni amalira mpaka ku Luton. Timasinthana mashifiti, timaphika mpunga m'miphika ikuluikulu, timaimba mpaka oyandikana nawo atagogoda khoma. Amati maliro n'kulirana, ndipo pa kulirana sitiperewera. Koma ndege ikanyamuka timaona ngati zonse zapita nayo ku Malawi. Timaiwala kuti wamasiye adzabwerera ndi kiyi yekha, n'kutsegula chitseko cha nyumba imene palibe amene waimasula.

Sindikunena za mizimu. Abusa asandilembere kalata. Ndikunena kuti pali ntchito zina zimene munthu sangadzichitire yekha, ngakhale ali ndi manja awiri ndi makina abwino, ndipo sangazipemphe chifukwa akazipempha zimasanduka zina. Kumudzi panalibe wopempha. Amayi ankangotulukira ndi matsache m'manja.

Kuno matsache tilibe, koma maso tili nawo. Pa anthu onse amene munawaimbira nyimbo chaka chino, ndi angati amene munabwererako patapita mwezi, n'kuyang'ana pansi?