Khomo Lalifupi la ku Chilomoni

Ndikukumbukira chaka chomwe bambo anamaliza kumanga nyumba yathu ku Chilomoni, titatopa ndi za lendi ku Ndirande. Ndinali sitandade 5. Bambo, a Zuze a ku Nsanje, anali mesenjala m'tauni, ndipo pulani anajambula okha pakatoni ya sopo, potengera nyumba ya bwana wawo yomwe anaiona kamodzi kokha. Munali chipinda chodyera, ngakhale tinalibe tebulo, ndi kakhitchini kam'kati ka zenera laling'ono ngati la ku positi. Amayi sanafunsidwe kanthu. Bambo ankati nyumba ndi nkhani ya masamu.

Bambowo anali afupi. Bilidala atafunsa za kutalika kwa makomo, iwo anaima njo, n'kuika dzanja pamwamba pa chipewa chawo. "Apa pakwana."

Nyumba anaidalitsa Loweruka. Simenti inkanunkhabe, ndipo ukatsamira khoma laimu ankakutsalira pamsana. Kunabwera a mphakati wathu, maneba, ndi bambo mfumu a ku parishi. Bambo anavala suti yawo ya ukwati, n'kumaonetsa alendo chipinda ndi chipinda. Ali pakhomo la kuseri, akufotokoza za malata, amayi anatulukira kuchokera kumpopi, ndowa yodzaza ili pamutu, manja onse atanyamula mbale. Amayi anali aatali, ndipo ku Ndirande anazolowera kulowa m'nyumba osatula. Ndowa inagunda felemu ya pamwamba pa khomo. Madzi onse anathera pa bambo, kuyambira kolala mpaka nsapato.

Bambo mfumu anayang'ana kabotolo kawo ka madzi odalitsa, n'kunena kuti, "A Zuze, angawa achepa. Mayi andipitirira." Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Ine ndinkaopa kuti bambo akalipa, koma anangoima akudontha.

Amayi anatola ndowa yawo. "Bambo a Rozina, mukanandifunsa. M'nyumba muno simulowa chipewa chokha."

Lolemba bilidala anabweranso. Amayi ankayenda patsogolo, kuonetsa pomwe amayatsira mbaula, pomwe amachapira, mbali yomwe mphepo ya ku Michiru imabwezera utsi m'maso. Bambo ankatsatira pambuyo ndi choko, kulemba pakhoma. Khomo linakwezedwa, zenera linakula, kuseri kunamangidwa khonde lophikirapo. Chipinda chodyera chinasanduka chogona abale a kumudzi obwera kuchipatala, ndipo sichinkakhala chopanda munthu.

Lero ine ndimajambula mapulani a nyumba. Anthu amabwera ku ofesi ndi zithunzi za kunja pafoni, akufuna magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, papuloti ya ku Machinjiri. Ndimawafunsa kuti amayamba kudzuka ndani, magetsi akazima amaphikira pati, maliro akagwa anthu adzakhala pati. Abambo amayankha msanga kwambiri. Ndimalemba zonse mwaulemu, kenako n'kuwapempha kuti Lachisanu abwerenso ndi madamu, komanso mtsikana wantchito.