Kapinga wa Bambo

Kwathu ku Biriwiri, pabwalo pa nyumba ya munthu sipamera udzu. Pakamera ndiye kuti mwininyumba ndi waulesi, kapena akudwala, kapena anamwalira. Mwana wamkazi amaphunzira kusesa pabwalo asanadziwe kutsuka mbale, ndipo mayi amene bwalo lake lili see, mizere ya tsache ikuoneka, ndi amene amatamandidwa kuchitsime. Ndiye tangoganizani mmene anthu anasekera pamene Bambo anga anadzala kapinga pakhomo. Kapinga! Udzu womwe uja timalimbana nawo m'munda mpaka msana kuuma, munthu wamkulu ndi imvi zake n'kumaudzala dala, n'kumauthirira madzi.

Bambo anabwerera kumudzi zipani zambiri zitangoyamba kumene. Anakhalitsa ku Halale, komwe ankasamalira maluwa ndi udzu panyumba za azungu, ndipo kumudzi ankangobwera mwa apo ndi apo ngati mlendo. Pobwera komaliza anapeza Amayi atatisiya kale. Alongo anga anali ku Joni ndi mabanja awo. Ine, mzime wawo, ukwati unali utandikanika, ndinali nditabwerera pakhomo ndi manyazi anga. Tinatsala awiri m'nyumba ya malata ija, munthu wosalankhulalankhula ndi mwana wake wapakamwa.

Sanapume n'komwe. Anatenga khasu n'kutipula bwalo lonse la kumaso kwa nyumba, kuchokera pakhonde mpaka pamtengo wa mapichesi. Anawola manyowa ouma m'khola la mbuzi, anawafikisa ndi manja, n'kuwasakaniza ndi dothi ndi phulusa la kukhitchini. Kenako anatsikira kudimba n'kubwerako ndi thumba la mizu ya kapinga imene anzawo anazula n'kutaya m'mbali mwa mtsinje.

"Bambo, inu mwayenda ulendo wonsewu kudzadzala udzu?" ndinawafunsa nditagwira m'chiuno. "Mbuzi za m'mudzi muno zikuthokozani kwambiri."

"Iwe mayi, pakamwa pakopo," anangoyankha choncho, osatukula mutu.

Anthu odutsa ankaima n'kumaonerera. Wina anati ku Halale kunawazunguza mutu, wina anati akuitana njoka. Azakhali anabwera okha kudzawadzudzula. "Achimwene, mukutichititsa manyazi. Anthu aziti pakhomo pano palibe mkazi wodziwa tsache." Mawu amenewo anandilasa ine, chifukwa mkazi wa pakhomopo ndinali ineyo. Bambo anangomanga kampanda ka nsungwi kotchinga mbuzi n'kupitiriza ntchito yawo.

Mvula itatha, nkhondo inali ya madzi. Chitsime chathu chili kumunsi, ndipo pobwera ndi ndowa umakwera chitunda mpaka khosi kulira. Ndinawauziratu kuti ine sindidzasenzera udzu madzi, ngakhale atandigwadira. Sanandipemphe. Anangoika lamulo loti pakhomo pathu madzi satayidwa. Otsukira mbale, otsukira ndiwo, osambira, onse tinkathira mu mgolo wodula pakati kuseri kwa nyumba. Dzuwa likapendeka ankatunga ndi chitini chimene anachiboolaboola ndi msomali n'kumawaza pang'onopang'ono, mzere ndi mzere. "Madzi akatsuka mbale sanathe ntchito," ankatero. Podula ankagwiritsa chikwakwa chonola bwino, ndipo zodulazo sankazisesa, ankati zikawolera pomwepo ndi chakudya cha udzuwo.

Pakhonde anandandalika maluwa m'zitini za mafuta ophikira ndi m'mapoto obooka a Amayi. Ine ndinapha awiri sabata yoyamba chifukwa chothirira mopitirira. Anandigwira chala n'kuchipisa m'dothi la m'chitini. "Chikatuluka chonyowa, lisiye. Duwa si mlendo woti uzimukakamiza tiyi." Nsabwe zikagwira masamba ankasinja tsabola, kuviika m'madzi ndi kachidutswa ka sopo, n'kuwaza ndi nthambi. Tsabolayo anali wanga wa m'ndiwo, ndipo tinkamulimbirana nthawi zonse.

Koma zoona zinenedwe, pofika chilimwe mudzi wonse unali fumbi lokhalokha, pakhomo pathu pokha pali pofewa ndi pozizira. Ana ankasuzumira pa mpanda. Ine ndemwe ndinapezeka tsiku lina ndikuwonjezera ndowa ya madzi abwinobwino mu mgolo muja, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti asandione.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankaphika ndi Bambo. Anaphunzira kudziphikira kuchilendo kuja ndipo sankachita nazo manyazi. Ankasenda kachewere wa ku Tsangano mopyapyala, kukazinga anyezi mpaka afiire, kuponyamo tomato, kenako kachewere ndi madzi ongokwanira kumuphimba. Akatsala pang'ono kupsa ankaduliramo mpiru n'kuvundikira, moto n'kuuchepetsa. Basi, zomwezo. Tinkadyera pa kapinga, popanda mphasa, iwo atavula nsapato n'kutambasula miyendo. Odutsa ankanong'onezana kuti taonani akudyera pamsipu ngati ng'ombe.

Linali Lamulungu lotere pamene ndinawafunsa mopanda chipongwe, kamodzi kokha m'moyo wanga, chimene ankaufunira udzuwo. Zala zawo za kumapazi zinkasewera m'kapinga.

"Zaka zonse zija," anatero, "udzu wa abwana ndinkaudzala ndine, kuthirira ndine, kudula ndine. Koma sindinakhalepo pansi ngakhale tsiku limodzi. Galu wawo ankagonapo. Ine ndinkapondapo ndi majombo, pogwira ntchito basi. Ndiye ndinkati ndikadzapita kwathu, ndidzaponda wanga ndi mapazi."

Kuyambira tsiku limenelo aliyense woseka kapinga wa Bambo ankakumana ndi ine, ndipo ena mpaka lero amandikumbuka.

Tinakhala choncho zaka zingapo zabwino. Kenako miyendo yawo inayamba kutupa. Ankati akakwera kuchokera kudimba amaima panjira kudikira mpweya, chikwakwa chinayamba kuwalemera. Mvula yoyamba itagwa zinafika poipa, ndipo tinapita kuchipatala cha ku boma komwe anawagoneka. Ine ndinali wowadikirira, kugona pansi pambali pa bedi, kuphikira kukhitchini ya odikirira odwala. Nkhuku ndi mbuzi ndinasiyira azakhali. Za kapinga sindinanene kanthu, pakuti mvula inali ikugwa, panalibe chothirira.

Tinakhalitsa kumeneko. Mvula ikamagunda pa malata a chipatala, Bambo ankatsegula maso n'kumwetulira. "Akutithirira," ankatero. Kenako nkhawa: "Ukhala utatalika tsopano. Ukadule ndiwe, koma usakamete mpala, ukasiye pofika apa." Ankandionetsa ndi chala. Zakudya anali atazikana zonse, nkhani yokhayo ndi imene inkawatsitsimutsa. Odwala anzawo m'chipindamo anafika podziwa bwalo lathu ngati anafikako.

Tsiku lina adokotala anandiitanira pakhonde. Analankhula mwaulemu, mozungulira, koma ndinamva kuti Bambo sadzafika pa kukolola. Anati ndipite nawo kunyumba, azikadya chimene mtima wawo wafuna. Nditabwerera m'chipinda ndinayesa kuumitsa nkhope, koma Bambo anandiyang'ana kamodzi n'kudziwa. Sanafunse. Ndipo sanafikedi pa kukolola chaka chimenecho.

"Chabwino," anatero. "Ukandiphikire kachewere, usakachulutse madzi monga umachitira muja. Ndipo ukanditsitsire pa udzu wanga ndisanalowe m'nyumba. Mapaziwa akutentha, mayi. Ndikangoponda pozizira paja, zina zonse zilibe kanthu."

Ndinatumiza uthenga kwa azakhali kudzera kwa mayi wina wa kwathu amene anabwera kudzaona m'bale wake, kuti tikubwera, atikonzere ngolo pamsewu. Mtima wanga unali wosweka, komabe ndinali ndi kanthu kamodzi kogwira: chimene Bambo anapempha chinali chotheka. Sindikanatha kuwachiritsa, koma udzu unalipo, kachewere analipo.

Tinakwera matola m'mawa mpaka pa siteji yathu. Ngolo inali ikudikira, atayalamo matiresi. Bambo anakana kugona. Anakhala kumbuyo miyendo ili lende, atanditsamira paphewa. Kunali kutacha bwino, mvula itagwa dzulo lake, chimanga chili m'mawondo, anthu ali m'minda kupalira. Ankatukula makasu kutilonjera ndipo Bambo ankayankha ndi dzanja. Titawoloka kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi anandigwedeza.

"Ndivule nsapato."

"Dikirani tifike, Bambo."

"Ndivuliretu. Ndisakachedwe nazo."

Zinali nsapato zawo zakutchalitchi, zimene ndinachotsa zingwe kuti mapazi otupawo azilowa. Ndinawavula n'kuzifungatira pamiyendo. Anagwedeza zala zawo mumphepo n'kuseka pang'ono, kuseka kumene ndinali ndisanakumve kuyambira tsiku limene anawagoneka.

Tisanaone nyumba tinamva nyimbo. Anali amayi a mumpingo mwathu, ndinazindikira mawu awo. Misozi inalengeza m'maso mwanga chifukwa cha kuthokoza, poti nthawi ya kupalira munthu sasiya munda wake chabe. Ngolo inakhota pa mtengo wa mapichesi n'kuima.

Kalanga ine! Bwalo linali psuu, dothi lokhalokha, kuchokera pakhonde mpaka pamtengo. Losesedwa bwino, mizere ya tsache ili ndondondo. Kampanda ka nsungwi anali atakazula n'kukaunjika pambali. Khonde anali atazira mwatsopano, zitini za maluwa atazipukuta n'kuzindandalika bwinobwino. Kapinga panalibe ngakhale tsamba limodzi. Amayi aja ndi alimi, kapinga amamudziwa kuti ukasiya kamuzu kamodzi amaphukanso. Ndiye sanangopala pamwamba ayi. Anakumba, anakutumula dothi, anatola muzu uliwonse n'kukataya kuchigwembe.

Ndinatsika m'ngolo pakamwa pali kale yasa, mawu oti ndiwalalatire ali okonzeka, ndipo Mulungu ndi mboni, ndikanawanyoza mpaka mudzi wa tsidya ukanamva. Koma dzanja la Bambo linagwira chitenje changa kumbuyo. Linalibe mphamvu, mwana akanatha kulichotsa. Ndinaima.

Mtsogoleri wa amayiwo anabwera kutsogolo akuwomba m'manja. Anali mayi wachikulire, mnzawo wa malemu Amayi, yemwe anandigwira dzanja pamaliro awo. Anagwada pafupi ndi ngolo. M'manja mwake munali matuza ophulika, chitenje chili matope mpaka m'mawondo.

"Takulandirani, bambo athu," anatero. "Titamva kuti mukubwera tinati ayi, wodwala sangafikire patchire. Udzu unafika m'mawondo, bambo, pakhomo panali ngati pabwinja. Udzudzu, njoka, nanga inu ndi miyendo imeneyi? Tasiya minda yathu, takhala pano kuyambira dzana. Unatilimbitsa, koma tauthetsa wonse. Sudzakuvutitsaninso."

Azakhali anali kumbuyo kwake, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anachita zimenezi mwa njiru. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chimenecho, kuti ndilibe woti ndimukwiyire. Anatichitira chinthu chachikulu kwambiri chimene ankachidziwa, ndipo anachichita ndi mtima wonse. Zimene Bambo anandiuza Lamulungu lija ankazidziwa ndine ndekha.

Ndinatembenuka kuwayang'ana. Maso awo ankayenda pabwalo pang'onopang'ono, kuchokera pakhonde kukafika pamtengo, n'kubwereranso, ngati munthu wofunafuna pomwe anagwetsa singano. Mapazi anali akadali lende, pamwamba pang'ono pa dothi. Kenako anakweza manja awo ofookawo n'kuwomba mwaulemu, monga mwa mwambo.

"Zikomo, amayi," anatero. "Mwagwira ntchito yaikulu. Mulungu akudalitseni, minda yanu ibereke."

Amayi aja anayankha onse pamodzi, okondwa, ena akupukuta thukuta. Nyimbo inayambanso. Mkati mwa nyimboyo Bambo anandikokera pafupi, pakamwa pawo pafupi ndi khutu langa, kuti wina asamve.

"Ndiveke nsapato, mayi."

Ndinagwada pa dothi losesedwa lija n'kuyamba kuwaveka. Mapazi anali atatupa kuposa m'mawa, nsapato zinkakana kulowa, ine ndikukankha, misozi ikugwera pa zala zawo. Amayi aja ataona ndikulira anati ndi chimwemwe choti Bambo afika kwawo, ndipo anayamba nthungululu.