Thovu Liyambe pa Nkhope Yanga

Senderani pafupi, mafoniwo muike pansi, mumve mmene nkhalamba yowamba nsomba inayambira kusamba thovu kumaso.

Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndinamulera kuno ku Kafue Estates mayi ake atamwalira, anapeza mwamuna kutchalitchi kwawo kwa magitala kuja. Kutatsala miyezi itatu kuti achite kicheni pate, ziphuphu zinamumera masaya onse ngati mapira. Mukudziwa za tsikulo: mkwatibwi amalowa atafundidwa chitenge, akuchimuna n'kumuvundukula pamaso pa azimayi onse. Mwana anayamba kuonda nazo.

Tsiku lina, pochokera ku Chanyanya ndi dengu la nsomba, ndinamupeza ali ndi zinthu ziwiri patebulo. China chinali kabotolo ka sopo wa thovu wa kumaso, kamene anamulangiza nesi woimba naye kwaya. China chinali kachitini ka mafuta osakaniza, kopanda ndi pepala lomwe, kochokera kwa mayi wina wa pamsika amene atsikana amawatchula ba anti. Akuti anamulonjeza kuti m'masabata awiri ziphuphu zitha, iye n'kuyera ngati papaya. Mafuta amenewo ine ndimawadziwa. Ndaona anzanga akuyera mwezi umodzi, kenako masaya kupsa ngati kunsi kwa poto, padzuwa osaimanso.

Sindinakalipe. Mwana wa masiku ano ukamukalipira amakadzolera kubafa. Ndinangomukumbutsa za kwathu kum'mawa, kuti wopatsa mlendo thobwa amayamba walawa yekha. Choncho chilichonse chopita pankhope ya mkwatibwi chiyambe pa yanga. Ndinatsegula kachitini, n'kutapa ndi chala.

"Ambuya, mwayamba misala? Anthu adzati chiyani akakuonani nkhope yachikasu, manja akuda?"

"Zomwezo zimene adzanene kwa iwe, mama. Bweretsa galasi."

Anandigwira mkono. Tinalimbana pang'ono, iye akuseka misozi ili mbwembwembwe. Anandipukuta chala ndi nsalu ya mbale, kachitiniko n'kukakataya yekha kudzala.

Kunatsala thovu. Anandiwerengera zolembedwa pabotolo: m'mawa ndi madzulo, madzi ofunda pang'ono, osakwecha. Ine wozolowera sopo wochapira zovala, ndinatobwanya kabotoloko kasanu. Thovu linafufuma mpaka m'makutu, ndinaoneka ngati mbuzi yogwera mu ufa, ndipo litandilowa m'maso ndinatchula malemu amuna anga. Madzi otsukuluza anachita kuda. Utsi wa nsomba wa zaka zonsezi unali pamenepo.

Sabata itatha nkhope yanga isanapse, ndinamuloleza. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse tinkawerama awiri pabeseni limodzi, iye asanakakwere minibasi ya ku Lusaka. Sabata yachitatu anataya mtima, nati ziphuphu zikadalipo, mwina abwerere kwa ba anti. Ndinamuuza kuti akakatenga, atenge tizitini tiwiri, kena kanga. Mawa lake anawerama nane pabeseni mwa masiku onse. Pofika mwezi wachiwiri masaya anayamba kugona. Ine kumtsinje azimayi anzanga anayamba kundifunsa ngati ndapeza mdala wondisamala.

Tsiku la kicheni pate ng'oma zinalira, chitenge chinavundukulidwa. Mwana wanga anali wakuda mmene anabadwira, wosalala ngati nthuza. Timabala tiwiri tinatsala pachibwano, palibe anatiwerenga. Azakhali a mwamuna analuluta, nauza holo yonse kuti aka ndi koyamba chaka chino kuvundukula mkwatibwi amene nkhope ndi manja zikugwirizana. Ndinamanga chitenge m'chiuno, ndinavina mpaka msana unandikumbutsa zaka zanga.

Mdzukuluyo lero ali ku Lusaka ndi kamwana kakakazi, kakuda bii. Nesi uja anamusamutsira ku Mazabuka. Ba anti akugulitsa tomato, chipewa chachikulu kumutu chotchinga masaya awo opsa, ndipo tikakumana timapatsana moni bwinobwino. Ine ndikadali kuwamba nsomba, ndipo kabotolo kakatha ndimatumiza uthenga ku Lusaka.