Chala cha Amake Layitoni m'Bedi la Mpiru

Ndikukumbukira chenjezo limene mayi anga anandipatsa tsiku loyamba kunditenga ku dimba. Tinkatsetsereka kuchokera ku Chilomoni kulowera ku Likhubula, iwo khasu paphewa, ine kheni yothirira mbewu ikundigunda m'mawondo. Anaima panjira n'kundigwira khutu, osati mwaukali, koma kuti mawu alowe bwino. "Dorika, munthu akakufunsa za kunyumba kamodzi, ndi moni. Akafunsa kawiri, pali chimene akuyeza." Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Lero ndili ndi zidzukulu, mutu wonse mbuu, koma mawu amenewo sanandichoke. Wowerenga mita ya madzi amaima kunja kwa geti, manambala ndimamuuza ndine. Amayi a kutchalitchi akabwera awiri ndimatsegula, akabwera anayi ndimafunsa kaye kuti watuma ndani.

Mayi anali ndi zifukwa zawo. Makolo awo anachokera kutsidya kwa malire, kuseri kwa Mulanje, ndipo iwo anakula akumva dzina loti obwera. Bambo anga anapita ku Joni, makalata anafika awiri, kenako zii. Chimene tinali nacho chinali dimba lija basi: mabedi asanu ndi atatu m'mbali mwa mtsinje, pakati pa madimba a mabanja ena. Ife ndi amene tinalowa pomaliza, ndipo lamulo lake aliyense ankalidziwa: dimba likagonera, mwini wake osaoneka, a Mulipa ankalipereka kwa wina. A Mulipa anali mkulu amene anayamba kulima pamalopo, wamfupi, wovala jekete la ulonda ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Ku dimba chaka chinkayenda mwakemwake. Mvula ikatha tinkatipula dothi lakuda lonunkha matope, ndipo nazale inkafesedwa imodzi, ya tonse, aliyense kubweretsa kambewu kake m'kapepala. Chiperoni chikafika, zala zinkachita dzanzi pa chogwirira cha kheni, azimayi n'kumaotcha mbatata pamoto wa zinyalala. Mayi akapatsidwa mbatata ankalandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, koma ankadya pokhapokha ataona kuti woperekayo wameza yake. Mtsinje ukayamba kuuma tonse tinkakumba chitsime, azibambo pansi, ife tikulandizana zidebe za matope mpaka aliyense kuoneka ngati wadzuka m'manda. Ndiye kunkabwera matimati ndi mondokwa. Pomaliza, mu Januwale, Likhubula ankadzaza n'kufafaniza malire onse, ndipo madzi akaphwa a Mulipa ankayezanso ndi chingwe.

Pa chingwe pomwepo ndi pamene panali mdani wathu. Amake Layitoni, oyandikana nafe kumtunda, anali mayi wamtali, wa mawu omveka kutsidya, ndi maso osaphonya kanthu. Pamalire athu panali phata la nthochi, ndipo chaka chilichonse iwo ndi mayi ankalimbirana mpaka a Mulipa kukhala pansi n'kuvula chipewa.

Panalinso mwambo wina umene mayi sankaukonda. Pakati pa madimba panali mtengo wa mango wokhomedwa misomali, banja lililonse msomali wake. Ukatha kuthirira unkapachika kheni yako pamenepo, iyo n'kumadontha, pansi pake n'kusiya kadontho konyowa. A Mulipa podutsa masana ankangoyang'ana pansi pa mtengowo. Pansi pa kheni ya wina pakauma masiku awiri, ankatuma munthu kunyumba kwa mwini wake. Ena ankati ndi chikondi. Mayi ankati ndi ukazitape, njira yodziwira dimba loti alande.

Chaka chimene ndinayamba kupita ku dimbacho, mu Okutobala, khasu linawatsetsereka mayi n'kuwatema pamwamba pa phazi. Anathirapo mchere, kumanga kansalu, n'kupitiriza kulima. Tsiku lachinayi sanathe kuima. Phazi linatupa n'kumanyezimira ngati biringanya, thupi likutentha moti mkeka umene anagonapo unkafunda. Anandiitana n'kunena motsitsa mawu, ngati kuti makoma ali ndi abale ku dimba. Ndizipita m'mamawa anthu asanafike, ndizithirira, ndizipachika kheni ikudontha. Wina akafunsa, ndiziti apita kumsika. "Akangodziwa kuti ndagona, dimba lapita. Ndiye tidzadya chiyani?"

Ndinachita monga ananenera, koma kheni yodzaza inali yolemera kuposa ine. Ndinkatunga theka, kuyenda mopendekeka, madzi ena akuthera m'miyendo. Mayi ankathira makheni asanu ndi imodzi pa bedi lililonse. Ine ndinapeza nzeru yanga: ndinkangowaza mofulumira mpaka dothi lide pamwamba, kuti wodutsa aone kuti pathiriridwa. Kenako kuviika kheni m'chitsime, kuipachika pa msomali wathu, n'kuthamangira kusukulu ndikudzitama mumtima kuti dimba lonse ndalipusitsa.

Tsiku lachitatu amake Layitoni anandipeza pachitsime. "Amako adzuka bwanji?" Ndinati adzuka bwino, apita kumsika. Mawa lake anafunsanso. Kawiri. Zinali ndendende zimene mayi ananena.

Loweruka kunalibe sukulu, choncho nditathirira ndinabisala m'nzimbe kuti ndione chimene mdani akukonza. Dzuwa litakwera, mpiru wathu unagwetsa makutu, pamene wa anzathu unali chiimire. Ndiye ndinawaona amake Layitoni. Anadumpha malire osayang'ana n'komwe kumbuyo, kunjuta pakati pa bedi lathu, n'kupisa chala m'dothi. Ine ndinadziwiratu kuti akukwirira mankhwala. Ndinatuluka m'nzimbe muja masamba akundicheka m'masaya.

"Chokanimo m'dimba mwathu!"

Sanadzidzimuke. "Bwera kuno, kapolisi iwe." Anandigwira dzanja, kutenga chala changa n'kuchilowetsa pamene panali chawo. Pamwamba panali ponyowa. Pansi pake, kungopitirira chikhadabo, dothi linali fumbi lokhalokha, lotentha. "Madzi amenewa wathirira mpiru kapena wathirira maso anga? Amako ndimakangana nawo chaka ndi chaka, koma bedi sanalinamizepo chonchi. Ali kuti?"

"Kumsika."

"Msika wanji wa masiku asanu? Akugulitsa phiri la Michiru?"

Sanandimenye, sanandinyengerere. Anangokuwira a Mulipa kuti abwere ndi wilibala yawo ya manyowa, aitsuke kaye. Kenako anati nditsogole, ndipo ndikakana atsogola okha, chifukwa nyumba ya malata adzimbiri kuseri kwa mpopi ankaidziwa kale. Zimenezo zinandiopsa kuposa zonse. Zaka zonsezo mayi ankasinthasintha njira pobwerera kunyumba, kani anthu ankadziwa ngakhale mtundu wa malata athu. Ndinawazungulitsabe njira yaitali, yamiyala, ndikuyembekeza kuti atopa. A Mulipa ankangokankha wilibala m'mbuyo mwanga, ikulira kwii, kwii, mpaka pamphambano ina anati, "Mwanawe, kuno n'kwa ansembe. Kwanu n'kumanzere."

Titatsegula chitseko, fungo linatilandira. Ine ndinali nditalizolowera, koma ndinaona a Mulipa akubwerera m'mbuyo. Mayi anayesa kudzuka n'kukokera chitenje pa mwendo. Anati ali bwino, ndi kachilonda chabe. Amake Layitoni anagwada, kumasula kansalu kaja, n'kukhala chete. Aka kanali koyamba kuwaona ali chete, ndipo apa m'pamene ndinachita mantha enieni, osati a dimba ayi.

"Mwabwera kudzayeza?" anafunsa mayi, milomo itauma.

"Eya, amake Dorika. Tabwera kudzayeza ngati mukwanemo mu wilibala."

Anayalamo masaka ndi chitenje chawo chomwe, kuwanyamula ngati mwana, ndipo a Mulipa anakankha chitunda chonse mpaka kumsewu, jekete lili pathupi, thukuta likudontha pachibwano. Kumeneko anaimitsa lole ya mchenga. Kuchipatala adokotala anati akanachedwa masiku ena awiri, mwendo ukanadulidwa, mwinanso osathera pa mwendo pokha.

Mayi anagonekedwa milungu itatu. Ine ndinakhala kwa amake Layitoni, kugona pakati pa ana awo aakazi. Masiku oyamba sindinkadya mpaka iwo atameza. Atazindikira, anayamba kulawa chilichonse pamaso panga mokokomeza, kutafuna, kugwira pakhosi, kutembenuza maso ngati akufa, ana onse n'kugwa ndi phwete. Ku dimba, banja lililonse linkathira makheni awiri m'mabedi athu lisanayambe ake. Panalibe amene analamula mokweza, zinkangochitika ngati mmene anthu amavulira nsapato pakhomo. A Mulipa anaimika timitengo m'matimati athu. Amake Layitoni anandiphunzitsa kuthirira: kutsitsa kheni pansi, kuthira pang'onopang'ono, kudikira dothi limwe, kuthiranso, kenako kupisa chala. Pansi pa msomali wathu sipanaumepo.

Tsiku limene mayi anabwerera ku dimba, akutsimphina ndi ndodo, sanayambe ndi moni. Anayamba ndi malire. Anayenda mbali zonse zinayi akuwerenga mapazi, anthu atasiya makasu n'kumawayang'ana. Palibe pamene panasuntha ngakhale kachikhato. Mpiru unali wobiriwira kuposa mmene anausiyira, chimanga chitabereka. Anaima nthawi yaitali atatembenukira kumtsinje, ndipo ine ndinadziwa kuti sakuyang'ana madzi. Kenako anathyola mondokwa woyamba, kudzaza dengu, n'kukalitula pamapazi pa amake Layitoni. Kugwada sakanatha, choncho anangowerama n'kuwomba m'manja. Amake Layitoni anati, "Chotsani dengu lanuli, laponda malire anga."

Pobwerera kunyumba mayi anayenda njira yachidule, koyamba. Titafika pa mpopi anati, "Anthu abwino amene aja." Anayenda pang'ono n'kuwonjezera, "Koma uziwayang'anabe." Januwale atafika, mkangano wa nthochi unayambiranso, mokweza kuposa kale. Sanagwirizanepo mpaka onse awiri anatsikira kulichete, kungoti mkoko ukakhwima ankaugawana akunyozana. Mayi anayenda ndi miyendo yawo iwiri mpaka ukalamba, ndipo ine ndinakula ndili ndi mayi chifukwa cha chala cha munthu amene ndinkamuyesa mfiti. Sindinawathokoze mokwanira ali moyo. Ndikuwathokoza pano, iwo ndi a Mulipa ndi onse a makheni awiri aja.

Madimba aja kulibenso. Nyumba zinatsika mpaka m'mphepete mwa madzi, mtengo wa mango unaotchera njerwa, ndipo Likhubula masiku ano amanyamula majumbo ndi matewera. Ine ndimakhala mumpanda umene ndinaumangitsa ndekha, pamwamba pake mabotolo oswa, ndipo sindinama, ndimaukonda. Ana anga ali kutali. Amaimba Lamulungu lililonse kufunsa kuti ndili bwanji, ine n'kuti ndili bwino, iwo n'kukhulupirira. Foni ilibe chala. Mwezi watha chizungulire chinandigoneka masiku awiri, ndipo foni italira ndinadzimva ndikuyankha ndi mawu a mayi anga enieni, kuti ndi kamutu chabe. Nditadzuka ndinaganiza kwambiri za mpanda wangawu. Wakuba sangalowe, inde. Nanga wa wilibala adzalowera pati?

Ndiye ndalima kabedi kamodzi ka mpiru kunja kwa geti, m'mbali mwa msewu, pamene mbuzi ndi ana a sukulu angauone. Ndimathirira m'mawa uliwonse, mwa njira ija, pang'onopang'ono. Inu anzanga amene mumandidziwa, amene mumadutsa pano popita kumsika kapena ku mapemphero a Lachinayi, ndikukupemphani chinthu chimene sindinapemphepo munthu. Musamangoyang'ana masamba. Weramani, pisani chala. Mukapeza pouma, gogodani. Ndidzakusuzumirani pa kabowo ka geti, ndidzafunsa kuti ndinu ndani ngakhale tinabatizidwa tsiku limodzi, ndipo ndidzakuuzani kuti ndili bwino. Musabwerere. Funsani kawiri.