Imvi Zanga ndi Chimbale cha Madala

Ku Doha tinali ndi mwambo wathu: kontirakiti ikamatha, munthu wa imvi ankagula dayi wakuda. Mnzako ankakukhazika pa chigubu m'bafa, kuvala majumbo m'manja, n'kukupaka m'mutu ndi mswachi wakale. Mawa lake unkalowa mu ofesi ya supavaiza mutu uli bii ngati nsapato yopolisha, nkhope ili makwinya okhaokha. Aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, ngakhale supavaizayo, koma bodzalo linkaonetsa kuti ntchito ukuifunabe ndipo ukhoza kuigwadira.

Ine ndinali dalaivala wa basi yonyamula antchito a pahotela kuchokera ku Rawdat Al Khail, kumene tinkagona, kupita ku Pearl. Chaka chimenecho imvi zinali zitandigwira mutu wonse, ndipo kampani inali itayamba kubweza kwawo madalaivala achikulire. Kontirakiti yanga inali pafupi kutha. Kwathu kunalibe ntchito yondidikira.

Ndi nthawi imeneyo pamene ndinapeza chimbale china cha nyimbo. Ndili ku sekondale, mphunzitsi wina wachizungu ankatiikira nyimbo za gulu lina la rock la kwawo, nyimbo zosatha msanga, gitala ndi ogani kumakangana mpaka woimba kumangodikira. Anzanga ankasinza, ine ndinkamvetsera kukamwa kuli yasa. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti anthuwo anamwalira kalekale. Ndiye tsiku lina ndikuzungulira m'sitolo kuthawa kutentha, ndinaona dzina lawo pa chimbale chatsopano. Kuseri kwake kunali chithunzi: madala okhaokha, mitu mbuu, wina dazi, wina atatsamira ndodo. Sanabise kanthu.

Chimbale chonsecho chinali nkhani imodzi, nyimbo iliyonse ikupatsira inzake. Woyendetsa sitima wokalamba wauzidwa kuti njanji yake ikutsekedwa, ndiye ali pa ulendo womaliza, akuima pa siteshoni iliyonse ngakhale palibe wokwera. Mawu a woimbayo anali atasasa. Pamene kale ankakweza mosavuta, tsopano mawuwo ankanjenjemera, penapake n'kusweka, ndipo anawasiya choncho kuti aliyense amve. Zinandikhudza mtima, sindinama.

Anyamata a m'basi anadana nacho chimbalecho.

"Madala, nyimbo yake iyamba liti?"

"Yalla, fulumirani, ikani ya dansi! Tikupita ku duty, osati ku maliro."

Ndinkawauza kuti wofuna dansi akagule basi yake. Ankaseka, ine n'kukweza.

M'chipinda ndinkagona ndi mlonda wina wa ku Chipata, wamsinkhu wanga, munthu wabwino mtima koma wamantha. Makontirakiti athu ankatha limodzi. Lachisanu, tsiku lopuma, anabwera ndi dayi wa anthu awiri. Ndinayamba ndine kumupaka, ndipo ndinamupaka bwino mpaka kuseri kwa makutu. Kenako ndinakhala pa chigubu, thaulo lili m'khosi. Fungo la dayi litandilowa m'mphuno, ndinadziona pagalasi, bambo wa ana akuluakulu, nditazyolika kudikira kuti andipente. Ndinakumbuka mawu osweka a woimba uja. Ndinaimirira.

"Basi, achimwene. Ine ayi."

"Ba mudala, nkhalani pansi," anatero, mswachi uli m'manja. "Ni vaja vazungu vanu va mu chimbale? Baja bali na ma-pension, bali na manyumba. Imwe muli na chani? Mailo mudir, supavaiza uja, akaona izi, khalas, basi, ni ticket yobwelela kwanu."

Ananena zoona, n'chifukwa chake ndinapsa mtima kwambiri. Ndinamuuza kuti madala ajawo akanatha kubisa mawu awo ndi makina koma sanafune, ndipo ine sindinabwere kuno kudzasewera zisudzo. Ndinalankhulanso zina zimene sankayenera kuzimva. Iye anangotsuka mswachi uja.

M'mawa mwake ndinavala yunifomu yosita, ndinapesa imvi zanga bwinobwino, n'kukalowa mu ofesi. Supavaiza sanandiyang'ane kumaso. Maso ake anathamangira kumutu ndipo anakhala komweko. Kenako anandifunsa m'Chingerezi ngati anzanga sanandiuze mmene anthu amachitira. Ndinati anandiuza. Anafunsa zaka zanga, ndinamuuza zenizeni. Sindinawerame.

"Khalas," anatero, n'kuitana wotsatira. Ntchito yanga inathera pomwepo.

Wotsatirayo anali mnzanga wa ku Chipata. Supavaiza anamuwonjezera kontirakiti, ndipo ndinakondwera naye ndithu, ngakhale zinandiwawa.

Madzulo ndinapita ku Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, kuti ndikaimbe foni kwathu popanda wondimvetsera. Ndinayenda mtunda ndithu ndisanalimbe mtima. Mayi a kunyumba atayankha, ndinawafotokozera zonse, za dayi, za chigubu, za chimbale, osadumpha kanthu. Nditamaliza anandifunsa:

"Ndiye mukundiuza kuti ntchito mwaitaya chifukwa cha tsitsi?"

"Eya."

"Akakuitanani mawa kuti mupake, mupaka?"

Ndinaganiza za iwo, za ana, za denga lodontha limene ndinalonjeza kukonza. Koma yankho ndinali nalo.

"Ayi."

Anausa moyo. "Bwerani, bambo. Tidzaona chochita. Koma za azungu anuwo musadzandiuzenso."